Bambo Ayambanso Kuopa Odi

Wokondedwa mlongo wanga Kabudula,

Ndikudziwa kuti dzina limeneli sulifunanso, poti tsopano ndiwe bambo wa munthu ndipo umavala mathalauzi ositidwa. Koma ine ndinakusambitsa uli mbulanda, ndiye ungondipirira.

Muli bwanji kumeneko? Alamu ali bwanji, mwendo unkawavuta uja unaleka kutupa? Nanga kamwana, kayamba kukwawa? Pachithunzi munatumiza chija ndaona kuti katenga mphuno yako, kachisoni ndithu, koma maso ndi a mayi ake, ndiye Mulungu sanakataye. Ife kuno tili bwino. Chimfine chokha ndi chimene chinazungulira nyumba yonse, kuyambira mapasa mpaka bambo awo, amene anabuula sabata yathunthu pomwe ana anali atayamba kale kusewera panja. Amayi ali bwino. Za Bambo ndifotokoza pang'onopang'ono, chifukwa ndiwo andigwiritsa cholemberachi.

Usadabwe kuti ndalemba pamanja ngati munthu wakale pomwe foni ilipo. Pafoni ine ndi iwe sitimvana. Ndikangoti tamvera, iwe wayamba kale kuyankha, ine n'kukweza mawu, makasitomala a mu saluni mwanga n'kumasolola mitu m'makina oumitsira tsitsi kuti amve bwino. Pepala silidula munthu pakamwa. Khala pansi, uwerenge mpaka kumapeto, ukwiye ukamaliza.

Nkhani ya lole ndaimva. Akuti wapeza kalole kabwino kwa munthu amene akusiya bizinesi, ndipo okongoza ndalama akufuna chikole. Akuti unawaimbira Bambo kupempha mapepala a nyumba ndi a shopu, iwo n'kuvomera pomwepo, ndipo kumapeto kwa mwezi uno akasaina.

Sindikukuda ayi. Alamu anandinong'oneza mmene bwana wako amakukamira, kuti umafika pakhomo msana utauma gwa, malipiro n'kumabwera tsiku limene iye wakonda. Munthu wayendetsa magalimoto a eni zaka zonsezi, kufuna yakeyake si tchimo. Koma wapempha kwa munthu amene sukumudziwa bwino. Bambo amene uli nawo m'mutu mwakomo ndi aja unawasiya tsiku umakwera basi. Pakati apa panadutsa zinthu, ndipo tinakubisira chifukwa eni ake anatilumbiritsa, ine ndi Amayi. Ankati mwana ali kwa eni, akulimbana ndi zake, tisamusenzetse mtolo wina.

Ukuwakumbukira mmene analili. Sofa atamugoneka chagada pakati pa shopu, timisomali tili mkamwa, iwo akuimba nyimbo ndi mphuno, Amayi akukalipa kuti tsiku lina adzameza kamodzi tidzavutike ndi ife. Msewu wonse unkangoti a Masofa, a Masofa. Munthu akabweretsa mpando wong'ambika ankachoka atamwa tiyi ndiponso atamva mbiri ya mpando wakewo, amene anaupanga molakwika ndi amene ankaukhalira mopendama.

Utangochoka, kunabwera bambo wina, mwini holo ya maphwando. Munthu wa ulemu wake, wonenepa bwino, wolankhula motsitsa. Anafuna kuti mipando yonse ya m'holo mwake ikutidwe nsalu yatsopano, kuphatikiza masofa a kutsogolo. Ntchito yaikulu chotero Bambo anali asanaigwirepo. Anapita kubanki, anakongola ndalama zogulira nsalu, siponji ndi makina aakulu osokera zikopa. Anagwira ntchito yokongola, ine ndinaiona ndi maso angawa. Mwini holo anayamikira mpaka kuwakumbatira, anapereka kangachepe, n'kunena kuti zotsala mwezi wamawa. Mwezi wamawawo holo inali itagulitsidwa, munthuyo osadziwika komwe walowera.

Banki siimva nkhani. Kuti aitseke pakamwa, Bambo anapita kwa munthu wa katapila. Ukudziwa wekha mmene chiwongoladzanja cha kumeneko chimaswanirana, ngati nsabwe. Mvula ikakuona litsiro siikata, mlongo wanga.

Choyamba kutha inali nyimbo ija. Mu shopu munkangomveka hamala yokha. Kenako chakudya, ankangochitembenuza ndi supuni n'kunena kuti adya kale kwinakwake, pomwe tsiku lonse sanatuluke. Kenako mutu unayamba kuwathawa. Bambo amene ankayeza mpando ndi diso, tsiku lina anadula nsalu yodula ya kasitomala n'kuperewera chikhatho chathunthu. Anaima n'kumaiyang'ana nthawi yaitali, osatukwana, osadandaula, kungoyang'ana basi. Ankalowa m'chipinda n'kuiwala chomwe alowera. Amayi akathira shuga wodzadza supuni mu tiyi inkakhala nkhondo, anthu amene ife tinakula osawamvapo akukwezerana mawu.

Msewu waukulu anausiya. Popita kogula guluu ankazungulira kuseri kwa galaja, kudutsa m'matope, kuopa kukumana ndi munthu wowadziwa.

Ine ndinazindikira kukula kwake tsiku lina ndikuwameta. Ntchito yanga ndi mitu ya anthu, ndipo tsitsi silisunga chinsinsi. Kumbuyo kwa khutu ndinapeza pamalo posalala see, ngati pagwa ndalama yachitsulo. Ndimaziona zimenezi kwa amayi amene amuna awo awathawa kapena amene mwana wawo ali m'ndende. Ndinawakokera kuchipatala akukana. Adokotala anawapima paliponse, anati magazi akuthamanga kwambiri, koma gwero lake si thupi, ndi nkhawa, ndipo nkhawa ndi matenda ngati ena onse. Anawapatsa mankhwala n'kuwauza kuti azipezako munthu womuuza zakukhosi. Tili panjira Bambo anandiuza kuti adokotalawo ndi mwana wabwino, koma piritsi silibweza ngongole.

Pali chinthu chimodzi chimene ndakhala ndikuchizengereza kulemba. Tsiku lina masana, akusoka khushoni, anawafunsa Amayi ngati nkhani wamba kuti kodi munthu akamwalira, ngongole yake imafera pomwepo kapena imatsata mkazi. Amayi anangonyamuka, kukatenga mankhwala a makoswe amene anali pamwamba pa kabati, n'kubwera nawo kwanga atawakulunga m'kansalu. Kuyambira tsiku limenelo Amayi anasamukira mu shopu. Ankati akuthandiza kuzula misomali yakale m'mipando, koma kunali kulondera. Ine ndinkapesa anthu manja ali pamutu pa kasitomala, mtima uli kumeneko, foni ikalira n'kuyamba ndapemphera ndisanayankhe.

Tsono odi. Wa katapila uja ankatuma amuna awiri, ndipo usaganize kuti anali aukali. Ankafika pakhomo n'kupanga odi mwaulemu ngati anthu a mpingo. Akalowa ankakhala pa masofa a makasitomala, miyendo pamwamba, osalankhula, mpaka aliyense wobwera ndi ntchito achite manyazi abwerere. Ulendo wina ananyamula makina aang'ono aja, amene iwe unaphunzirirapo kusoka n'kudzibaya chala.

Kuchokera pamenepo, mawu akuti odi anasanduka chilombo pakhomo pathu. Akangomveka, Bambo ankaika hamala pansi mwakachetechete, n'kulowa kuseri kwa mulu wa siponji uja umafika kudenga. Amayi n'kuyankha kuti achokapo, mubwere mawa. Sankasankhanso kuti uyu ndi wangongole, uyu ndi kasitomala, aliyense yankho linali lomwelo. Taganiza, munthu wa imvi, amene msewu wonse umamulemekeza, ataima mumdima kuseri kwa siponji, akugwira mpweya, m'shopu yakeyake.

Umafunsa kawirikawiri kuti ndalama za denga unkatumiza zija zinapita kuti, poti pachithunzi malata ndi omwe aja. Lero wadziwa. Unkabweza nawo ngongole osadziwa, ndipo popanda iwe sitikanatuluka. Amayi anagulitsa filiji ndi ndolo zawo. Ine ndinkapatula za ku saluni, bambo a mapasa ankagwira ntchito mpaka Loweruka. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Tinayamba kuthana ndi wa katapila, makina aang'ono aja osabwerera, kenako tinatsala ndi banki.

Tsiku lomaliza ndinawaperekeza Bambo kubanki. Anavala jekete lawo la bulauni, limene linali litayamba kuwakulira. Mtsikana wa pakauntala analandira ndalama, anamenya chidindo, n'kunena kuti mwamaliza bambo, maso ali kale pa munthu wotsatira. Bambo anangoima. Kenako anafunsa kuti ndiye abwerenso liti. Mtsikanayo anaseka, anati musabwerenso, pokhapokha ngati mukufuna kudzasunga zanu.

Ine ndinkaganiza kuti tikatuluka avina. Ayi ndithu. Anakhala pansi pamasitepe a sitolo yoyandikana nayo. Titafika kunyumba anagona dzuwa likadali pamutu, nsapato zili kuphazi, n'kudzuka mawa lake. Amayi ankangolowa kukaika dzanja pamphuno pawo.

Ndinkayesa kuti zatha ngati chimfine, koma mantha sachoka tsiku limene ngongole yachoka. Kwa masabata angapo ankadzidzimukabe, ankazungulirabe kuseri kwa galaja. Chimene chinawamasula ndi Amayi, mosadziwa, ndipo nkhani yake ndi iyi.

Kunabwera mayi wina wa pakiliniki ya kumtunda, wofuna kukonzetsa mabenchi a podikirira odwala. Chitseko cha shopu chinali chotsegula, Bambo ali pakatikati, agwada pa sofa, hamala m'manja, timisomali mkamwa. Amayi ali pakhomo pomwepo, akuzula ulusi m'khushoni yakale. Mayiyo anati odi. Amayi osadzutsa n'komwe mutu anayankha kuti achokapo, mubwere mawa.

Abale! Mayiyo anayang'ana Bambo, Bambo anayang'ana mayiyo. Ndiye mayiyo anafunsa mwaulemu kuti nanga awa agwada apawa ndi chithunzi chawo?

Bambo analavulira timisomali m'dzanja n'kuyamba kuseka. Anaseka mpaka kukhala pansi, kumenya sofa ndi chikhatho. Amayi anabisa nkhope m'khushoni, nawonso phwete. Ine ndinali nditabweretsa mapasa kudzaona agogo awo, ndinapeza zili choncho, ndipo sindinadziwe kuti kusekako kwasanduka kulira nthawi yanji. Anthu awiri akuluakulu akulira ngati ana, mlendo ataima ndi chikwama chake. Mayiyo anali wanzeru, anangokhala pampando n'kunena kuti sakufulumira. Atapukuta maso, Bambo anawauza Amayi kuti kuyambira lero odi wa pakhomo pano aziyankha okha. Ntchito ya mabenchi anaipeza, ndipo mayi uja mpaka pano akadutsa amafunsa ngati a Masofa alipo kapena patsala chithunzi.

Ndikanakonda ukanawaona miyezi yapitayi, Kabudula. Munthu asanamalize n'komwe odi wake, iwo afuula kale kuti lowani, lowani, mwini wake alipo! Amayankha ngakhale odi wa pakhomo la aneba. Tsiku lina anayankha munthu wogulitsa matsache amene ankangodutsa, n'kumugula tsache la manyazi. Amayenda pakati pa msewu waukulu manja kumbuyo, kupereka moni kwa aliyense, ulendo wokagula guluu umatha theka la tsiku. Nyimbo ya m'mphuno inabwerera, yoipa ngati kale. Jekete lija layamba kuwathina. Pamalo posalala paja tsitsi linamera, loyera mbee, ndipo amakana kuti ndilidaye, akuti ndi risiti lawo. Adokotala anawachepetsera mankhwala.

Ukudziwa kuti zaka zonsezi Bambo, okonza mipando ya anthu, ankakhala pa chidebe cha penti? Tsopano anadzipangira mpando wawowawo ndi zotsalira za nsalu, wamitundumitundu ngati nkhanga yosokonezeka, n'kupanganso wina wa Amayi. Akatha kudya masana amakhala pakhonde awiriwiri, Bambo n'kugona kukamwa kuli yasa, osaopa kuti wina awapeza. Amayi anagula maluwa a m'miphika. Amayi athu omwe aja, amene ankati chinthu chosadyedwa n'kutaya ndalama! Amawathirira m'mawa uliwonse n'kumawalankhula.

Usaganize kuti alemera. Pakona ya chipinda chochezera pakudonthabe, beseni lili pomwepo. Filiji sanagulenso. Koma chilichonse chili m'nyumbamo ndi chawo, ndipo amadziwa kuti mwezi ukatha palibe amene abwere. Ntchito yaikulu ikabwera popanda ndalama yoyambira amaikana akumwetulira. Anandiuza tsiku lina ndikuwameta kuti nthawi ya ngongole ankadya chakudya cha eni ndi kugona tulo ta eni, ngakhale dzuwa likatuluka ankaona ngati latulukira ena. Anati tsopano kandalama kakalowa m'thumba kamakhala pansi n'kuvula nsapato, pomwe kale kankangopereka moni kali chiimire.

Ngakhale ine ndinachira matenda amene sindinkadziwa kuti ndikudwala. Nambala yachilendo ikaimba ndimayankha osayamba ndapemphera. Mapasa akuti masiku ano sindikalipa kwambiri, ngakhale bambo awo akuti umboni umenewo ngogula ndi maswiti.

Tsono iwe unaimba.

Patangopita masiku ochepa Amayi anabwera ku saluni, akuti adzatsukitse tsitsi, anthu amene amatsuka okha ndi sopo wochapira. Mutu uli m'beseni, maso ali kudenga, anandiuza kuti nyimbo yasiya. Anati tiyi akumusiya theka, ndipo mpando wa pakhonde wangokhala. Anandiuza za foni yako, n'kunena kuti iwo sangalowerere pakati pa bambo ndi mwana wake wamwamuna, koma mankhwala a makoswe awachotsanso pa kabati.

Mawa lake masana ndinasiya makasitomala ndi mnzanga n'kupita. Ndili pangodya ndinkamva hamala ikulira bwinobwino. Amayi anali atapita kumsika. Ndinafika pakhomo la shopu n'kunena kuti odi.

Hamala inasiya.

Ndinabwereza odi wanga, mokweza, kuti amve kuti ndine. Kunali zii. Ndinalowa. Sofa ali chagada, hamala yaikidwa bwinobwino pansalu kuti isalire. Nditayang'ana pansi pa mulu wa siponji ndinaona zala za kumapazi zili m'masandasi awo aja.

Mlongo wanga, mawu anga amawadziwa kuyambira tsiku limene ndinalira koyamba. Koma sanamve mawu anga, anangomva odi. Ndipo kumbukira kuti sanasaine kalikonse, palibe munthu padziko lino amene akuwafuna ngakhale kandalama kamodzi. Lonjezo lokha lawabwezera kuseri kwa siponji.

Ndinati ndine, Bambo. Anatuluka pang'onopang'ono akukonza malaya, n'kunena kuti amafunafuna sizasi. Sizasi inali m'thumba la epuloni yawo, chogwirira chili panja. Ndinaiona, iwo anaona kuti ndaiona. Ndinawapangira tiyi. Kunena zoona mtima wanga unasweka, ndipo ndinakukwiyira kwambiri tsiku limenelo, ngakhale ndikudziwa kuti sunalakwe dala.

Ndinawauza kuti angokukaniza, ndiwe munthu wamkulu umva. Anapukusa mutu. Anati chichokere iwe sunapemphepo kanthu, umangotumiza, ndiye lero wapempha koyamba akubweze chimanjamanja? Anati bambo amene sangaikire mwana wake phewa kuti akwerepo ndi bambo wa dzina lokha. Anati ndiwe dalaivala wosamala, sumwa, suthamangitsa galimoto, ubweza ndithu.

Ndinati nanenso ndikudziwa kuti ndiwe wokhulupirika, koma nkhani si imeneyo. Iwonso eni akewo anali okhulupirika, ntchito anaigwira bwino, koma zinawagwera. Lole imafa injini, imagundidwa ndi woledzera itaima, wopereka katundu amasintha maganizo. Ndipo ngakhale zonse zitayenda bwino, zaka zobwezera ngongoleyo iwo azidzazikhala bwanji, mwezi uliwonse khutu lili kumsewu? Anangoyang'ana m'kapu. Kenako anati mantha ndi awo, athana nawo okha, asalepheretse mwana.

Ndiye waona pamene pali nkhani. Iwo sangakukanize, angalolere kufa. Amayi sangalankhule. Amene angabweze pempholi ndi mwini wake, iweyo.

Ndikukupempha, mlongo wanga, ndagwira mwendo wako. Asiyire mapepala awo. Nyumba ija si njerwa ndi malata chabe, ndi tulo tawo, ndi mutu wawo umene tinautola movutikira. Thupi la munthu wachikulire silidutsa pamoto womwewo kawiri. Ulendo woyamba tinawabweza, wachiwiri sindikudziwa, ndipo sindikufuna kuti ine ndi iwe tidzayang'anane tsiku lina tikudziwa chimene chinachitika.

Koma pochita zimenezi uchenjere. Usawaimbire n'kunena kuti ndamva mukudwala, ndakumverani chisoni. Ukatero wawavula pagulu, adzakakamira kusaina kuti akuonetse kuti ndi mwamuna. Uwauze kuti waiganiziranso nkhaniyo, ngongole ya chikole chachikulu chotero siikukusangalatsa, ufuna njira ina. Limenelo silikhala bodza, chifukwa ndikhulupirira kuti pofika pamzere uno siikukusangalatsadi. Ndiyeno uwapemphe chinthu china chimene angakwanitse mutu uli m'mwamba. Uwauze kuti tsiku limene udzapeze galimoto yako, mipando yake palibe wina adzaikhudze koma iwo. Uwafunse za chikopa chabwino chopirira thukuta ndi dzuwa. Adzakufotokozera mpaka foni ithe moto, ndipo adzagona bwino.

Sindikukubweza chimanjamanja. Ndakhala ndikusunga kangachepe koti ndikulitsire saluni, ndigwetse khoma lija ndiikemo mipando ina. Ndakambirana ndi bambo a mapasa, ndipo avomera osatsinya nkhope, mwina chimfine chija chinawafewetsa mtima. Ndalama zimenezo ndi zako. Si ngongole, mawu amenewo m'banja mwathu tatopa nawo. Lole sizingagule, mwina matayala ake okha, koma ukaphatikiza ndi zako, n'kupeza mnzako wokhulupirika wogawana naye, kapena kuyamba ndi kagalimoto kakang'ono, ufika. Kuthamanga sikufika. Khoma langa lidikira, silithawa.

Ndipo ndikuuze za iwe mwini, poti ndine mkulu wako ndipo palibe wina angakuuze. Iwe ndi Bambo ndinu mutu umodzi. Nonse mumaseka pagulu n'kumafera m'kati. Uli mwana unkabisa chilonda mpaka chinunkhe. Ngongole yaikulu ikakukhala pamsana kutali kumeneko, zinthu n'kupendama pang'ono, sudzauza munthu, ndipo alamu ndi amene adzaphunzire kunamiza alendo pakhomo. Ndi mtsikana wabwino, usamuphunzitse zimenezo. Ngati ntchito ya bwana wakoyo yayamba kale kukulanda tulo, lankhula. Uza mkazi wako, undiuze ine, ngakhale ndikalipe ndimamva.

Ukawerenga, usadikire kuti mkwiyo uthe wonse, mwezi ukutha. Ukafuna kunditukwana chifukwa chokubisira zaka zonsezi, imba nthawi ya nkhomaliro, makasitomala amakhala ochepa. Ndidzakhala chete, ndikulonjeza, ngakhale zidzandivuta.

Undiperekere moni kwa alamu, uwauze kuti mafuta a tsitsi anapempha aja ndapatsira amene abweretse kalatayi, azipaka pakhungu osati pamwamba pokha. Kamwanako ukapsompsone m'malo mwa azakhali ake. Mapasa akuti amalume abwere liti, ndipo akufuna udziwe kuti mmodzi wachoka dzino, winayo akulilimbitsa dala kuti asafanane. Bambo awo akupereka moni. Amayi akuti uzivala juzi m'mawa ndipo usamadye chiimire.

Bambo anandiperekeza tsiku la sizasi lija mpaka pangodya, pamsewu waukulu sanafike. Amandidziwa, anadziwa kuti ndikulembera. Anatulutsa m'epuloni kachikwama kachikopa kamene asoka okha, kosalala bwino, ka zipi, n'kundionetsa kuti mapepala a nyumba aikamo kale kuti asanyowe popita kosaina. Potsegula, zipi inawavuta mpaka ndinawathandiza. Ndiyeno anandigwira pamkono n'kundipatsa uthenga wako, ndipo ndikuupereka monga anaunenera, osachotsa kapena kuwonjezera.

Akuti usadere nkhawa ndi chilichonse. Akuti iwo ali bwino.

Mulungu akusunge pamsewu, akupatse mtima wofatsa powerenga, ndipo akutsegulire khomo lina.

Ndine mlongo wako amene sanasiye kukukonda,
Amake mapasa